Chipangizo Chimene Mmisiri Sangagule Pamsika

1, 2. (a) Kodi ndi ntchito zotani zimene zimagwiridwa ku Glen View ndi ku Mbare? (b) Kodi nchipangizo chiti chimene amisiri ambiri amachinyalanyaza, ndipo nchifukwa ninji imeneyi ili nkhani yaikulu?

DZUŴA lisanatuluke nkomwe, macheka amakhala atayamba kale kulira ku Glen View Area 8, mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe. Kumeneko amisiri mazanamazana amapanga masofa, mabedi, makabati ndi mipando m'mashedi othithikana. Ku Magaba, m'dera la Mbare, kumamveka nyundo ndi makina odulira zitsulo. Dzina lakuti Magaba m'Chishona limatanthauza zitini, ndipo nloyenereradi, pakuti kumeneko chitsulo chimene wina anataya chimasanduka ndowa, mbaula kapena felemu la zenera. Chapafupi pomwepo pali msika wa kaunjika wa Mupedzanhamo ndi msika waukulu wa Mbare Musika, kumene onyamula katundu amakankha ngolo zodzaza matumba a mbatata ndi mabokosi a tomato.

2 Mmisiri aliyense kumeneko amadziŵa kusamalira zipangizo zake. Amanola macheka, amathira mafuta m'makina, ndipo poŵeruka amatsekera zonse pamalo abwino. Komabe, pali chipangizo chimodzi chimene ambiri amachigwiritsira ntchito mosachisamalira, ngakhale kuti nchimene chimayendetsa zina zonse. Chimenecho ndicho thupi: maso, makutu, mapapu, msana, manja ndi maganizo. Macheka akatha mano, ena amapezeka ku Magaba. Koma kodi ndi msika uti umene umagulitsa mapapu kapena zala? Ndiponso, thupi la mmisiri likagona pamphasa, banja lonse limagona ndi njala. Chotero nkhaniyi ikukhudza munthu aliyense amene amadya za manja ake, kaya ali ku Harare, ku Ndirande, ku Kanyama kapena ku Tete.

Pamene Malo Ogona Anasanduka Malo a Ntchito

3, 4. Kodi zinatheka bwanji kuti ntchito zambiri zisamukire m'makomboni a ku Harare?

3 Madera okhala anthu ambiri ameneŵa, amene ena amawatcha makomboni kapena malokeshoni, sanamangidwe kuti akhale malo a ntchito. Komboni ya Mbare, imene inakhazikitsidwa mu 1907, ndi ena amene anatsatira, monga Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, anali malo ogona a antchito amene m'maŵa uliwonse anali kupita kumafakitale, kumasitolo ndi kunyumba za mabwana mu Salisbury, dzina la mzindawo kufikira mu 1982. Ambiri a antchitowo anachokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Adzukulu awo adakali komweko, ndipo ena amalankhulabe Chicheŵa panyumba.

4 Zinthu zinasintha kuyambira mu 1991, pamene boma linayamba kukonzanso chuma cha dziko mwa dongosolo lotchedwa ESAP, ndipo anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. M'zaka za pambuyo pa 2000, mafakitale ambiri anatsekedwa kapena kuchepetsa antchito. Amisiriwo ananyamula luso lawo napita nalo kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa misewu ndi m'misika. Mu 2005, pa Operation Murambatsvina, nyumba ndi mashedi ambiri zinagwetsedwa, ndipo lipoti la United Nations linayerekezera kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, njira yopezera ndalama, kapena zonse ziŵiri. Ngakhale ndi tero, ntchito zodzilemba wekha zinabwereranso, ndipo nzimene zikudyetsa mabanja ochuluka m'dzikomo.

5. Kodi nchifukwa ninji wodzilemba yekha ntchito afunikira kukhala woyang'anira thanzi lake iye mwini?

5 Ku Zimbabwe kuli lamulo la mafakitale lotchedwa Factories and Works Act, ndipo bungwe la NSSA limayendera malo a ntchito ndi kulipira antchito olembetsedwa amene avulala. Koma kalipentala wa kuseri kwa nyumba kaŵirikaŵiri sakhala ndi womuyendera, tchuthi cha odwala, kapena chipukutamisozi. Iye ndiye bwana, wantchito ndi woyang'anira chitetezo panthaŵi imodzimodziyo. Mu 2023 bungwe la za ntchito la padziko lonse, ILO, linayerekezera kuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa cha ntchito yawo. Chofunika kuchizindikira nchakuti mwa ameneŵa, ofa pangozi ali pafupifupi 330,000, pamene pafupifupi 2.6 miliyoni amafa ndi matenda. Ntchito imapha ambiri pang'onopang'ono kuposa amene imawapha mwadzidzidzi.

Kodi Maola Ambiri Amabala Zambiri?

6, 7. (a) Kodi mafakitale a ku Britain anasonyezanji ponena za maola aatali? (b) Kodi maola aatali amauchitanji mtima?

6 Ndalama zikachepa, nzeru imene imabwera msanga ndiyo kuwonjezera maola. Koma kodi maola ambiri amabaladi zinthu zambiri? Funso limeneli linayesedwa kale. Mkati mwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mafakitale a zida ku Britain anali kugwiritsa anthu ntchito maola 70 kapena kuposapo pamlungu, ndi Lamlungu lomwe. Mu 1915 boma linaika komiti yofufuza thanzi la antchitowo, ndipo ziŵerengero za zimene iwo anali kupanga zinasungidwa. Mu 2014 katswiri wa zachuma John Pencavel, wa pa yunivesite ya Stanford, anapendanso ziŵerengerozo. Anapeza kuti zopangidwa m'maola 70 sizinasiyane kwenikweni ndi zopangidwa m'maola 56, ndi kuti kumana antchito tsiku lopuma kunachepetsa zimene anali kupanga. Maola 14 owonjezerawo anangolemetsa thupi popanda phindu.

7 Sikuti maola otero amangopita pachabe. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti m'chaka cha 2016 chokha, anthu pafupifupi 745,000 anafa ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposapo pamlungu. Poyerekezera ndi munthu wogwira maola 35 mpaka 40, wogwira maola aatali chotero ali pangozi yokulirapo ndi 35 peresenti ya kudwala sitiroko, ndi yokulirapo ndi 17 peresenti ya kufa ndi matenda a mtima.

8, 9. (a) Kodi kuzima kwa magetsi kunawaika pangozi yotani amisiri? (b) Kodi munthu amene sangasankhe maola ake onse angachitenji?

8 Zoonadi, si nthaŵi zonse pamene munthu amasankha yekha maola ake. Mu 2019 chilala chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo ku Harare magetsi anali kuzima kufikira maola 18 patsiku, nkumayaka usiku wokha. Owotcherera zitsulo ndi odula matabwa ambiri anakakamizika kugwira ntchito pakati pa usiku, masana nkumafunafunanso makasitomala. Ngozi yake njaikulu. Ofufuza a ku Australia anapeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amaphonya ndi kuchedwa kuchitapo kanthu mofanana ndi munthu amene wamwako moŵa. Kodi mungampatse macheka a magetsi munthu amene wamwa? Achinyamata ena amayesa kuthamangitsa tulo ndi mankhwala osokoneza bongo, monga amene ku Harare amawatcha mutoriro. Mankhwalawo amangobisa kutopa, ndipo pomalizira pake amalanda thanzi, nzeru ndi ntchito yomwe.

9 Nangano nchiyani chingathandize? Munthu wamkulu amafunikira tulo ta maola 7 kapena kuposapo. Ngati munagwira ntchito usiku, gonani masana, ndipo sinthanani ndi mnzanu polandira makasitomala. Ntchito yodula ndi yoyeza igwireni pamene mutu udakali bwino, ndipo yosaopsa, monga kukwecha ndi kulongedza, muisiyire nthaŵi imene mwayamba kutopa. Kupuma mphindi zoŵerengeka kaŵirikaŵiri kumathandiza kuposa kudikira kufikira manja atayamba kunjenjemera. Idyani kanthu m'maŵa, ndipo m'kutentha kwa October, pansi pa denga la malata, imwani madzi ludzu lisanakupezeni. Sungani tsiku limodzi pamlungu la kupuma. Ngati mukukayikira, ŵerengerani matabwa amene munadula molakwa ndi nsalu zimene munasokanso mwezi wathawu, ndipo kumbukirani kuti inali nthaŵi yanji pamene munalakwitsa.

Konzani Malo, Ntchito Ifulumire

10. Kodi njira ya WISE njotani, ndipo nchifukwa ninji ili yoyenerera amisiri osauka?

10 Ena amaganiza kuti malo abwino a ntchito nga makampani olemera okha. Komabe, mu 1988 bungwe la ILO linafalitsa malangizo okonzedwera eni mashopu aang'ono, ndipo mmodzi wa olemba ake anali dokotala wa ku Japan, Kazutaka Kogi. Njirayo, imene imatchedwa WISE, njosavuta. Eni mashopu amayenderana, amaona zabwino zimene anansi awo akuchita kale, ndiyeno amasankha zosintha zotsika mtengo zimene zingachitidwe ndi zinthu zopezeka pamalopo. Mfundo yake yaikulu njakuti chimene chimatopetsa ndi kuvulaza wantchito kaŵirikaŵiri nchomwecho chimene chimachedwetsa ntchito. Kukonza chimodzi ndiko kukonza zonse ziŵiri.

11, 12. Tchulani zinthu zotsika mtengo zimene zingasinthidwe ponena za (a) pansi ndi posungira zipangizo, (b) msinkhu wa tebulo ndi ponyamulira katundu, (c) kuunika.

11 Yambirani pansi pamene mumaponda. Zidutswa za matabwa, mawaya ndi zitini zikangoti mbwee, munthu amapunthwa, ndipo amataya nthaŵi kufunafuna tepi yoyezera kapena sipanala. Ngati anthu anayi m'shedi amataya mphindi 15 aliyense patsiku pofunafuna zinthu, ola lathunthu lapita, ndipo pamlungu wa masiku 6 atayapo maola 6. Mashelefu opangidwa ndi matabwa otsala, bolodi la kukhoma lokhala ndi msomali wa chipangizo chilichonse, ndi njira imodzi yosatsekedwa kuchokera pakhomo kufika kumapeto kwa shedi, zimabweza nthaŵi imeneyo. Zogwiritsira ntchito kaŵirikaŵiri zikhale pamene dzanja limafika popanda kuŵerama.

12 Kenako onani msinkhu wa pogwirira ntchito. Lamulo lake nlakuti manja azigwira ntchito molingana ndi chigongono: m'munsi pang'ono pantchito yofuna mphamvu, ndi m'mwamba pang'ono pantchito yofuna kupenyetsetsa. Wowotcherera amene amanjuta tsiku lonse angathe kudzipangira tebulo ndi zitsulo zotsala. Telala afunikira mpando wochirikiza msana ndi kuimirira pakapita kanthaŵi, pamene wogulitsa amene amaima tsiku lonse afunikira kampando ndi mthunzi. Katundu wolemera ayende pa wilibala kapena pangolo, ndipo pomunyamula, pindani mawondo, katunduyo ali pafupi ndi thupi, osapotoza msana. Nanga kuunika? Kupaka laimu m'makoma, kupukuta mazenera, kuika lata limodzi loonekera padenga, ndi kusendeza makina osokera pafupi ndi zenera kumachepetsa kulakwitsa ndi litsipa popanda kulipira magetsi.

Adani Amene Amaloŵa Mwakachetechete

13, 14. (a) Kodi fumbi ndi utsi wa pantchito nzoopsa motani? (b) Kodi ndi njira ziti zotetezera zimene ziyenera kutsogola, ndipo ndi chikhulupiriro chiti chimene chili cholakwika?

13 Utuchi umaoneka wosavulaza, popeza umachokera kumtengo. Koma fumbi losalala limene limayandama m'mwamba limaloŵa m'mphuno ndi m'mapapu, ndipo lingayambitse mphumu ndi chifuwa chosatha. Mu 1995 bungwe la WHO lofufuza za kansa, lotchedwa IARC, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa kansa mwa anthu, makamaka ya m'mphuno. Mu 2017 linaikanso utsi wa powotcherera zitsulo m'gulu lomwelo, chifukwa cha kansa ya m'mapapu. Nthunzi ya guluu, vanishi ndi mankhwala osungunulira penti imachititsa chizungulire ndi litsipa, ndipo m'kupita kwa zaka ingawononge mitsempha ndi chiŵindi.

14 Poteteza thupi, choyamba chepetsani choipacho pamene chikuchokera. Tsekani zitini za guluu ndi penti, ikani thumba logwira fumbi pamakina, ndipo wazani madzi pansi musanasese. Chachiŵiri, lolani mpweya kudutsa, ndipo popopera penti kapena powotcherera, imani pamene mphepo ikuchotsa utsi kumaso kwanu. Mpweya woyenda umachepetsanso kufalikira kwa chifuwa chachikulu cha TB. Chachitatu ndicho kuvala chophimba pamphuno choyenerera. Kansalu wamba sikatsekereza fumbi losalala, ndipo chophimba cha fumbi sichitsekereza nthunzi ya penti, imene imafuna chophimba chokhala ndi zosefera zake. Opopera penti ndi owotcherera ena amakhulupirira kuti kumwa mkaka kumatsuka m'chifuwa. Zimenezo si zoona. Mkaka umapita m'mimba, pamene utsi umapita m'mapapu.

15, 16. (a) Kodi mungadziŵe bwanji kuti phokoso lafika poopsa? (b) Kodi maso angatetezeredwe motani? (c) Kodi nchifukwa ninji jenereta ndi mbaula siziyenera kukhala m'chipinda chotseka?

15 Phokoso nalonso limaba mwakachetechete. Akatswiri amati phokoso la ma decibel 85 ndilo malire a maola 8, ndipo likakwera ndi ma decibel 3 okha, nthaŵi imene khutu lingapirire imatsika ndi theka. Pa ma decibel 100, pamene makina opalira zitsulo kaŵirikaŵiri amafika, malirewo ndi mphindi 15 zokha. Simufunikira chopimira kuti mudziŵe. Ngati mufunikira kukuwa kuti munthu woima pamtunda wa mita imodzi akumveni, kapena ngati m'makutu mumalira mukaŵeruka, phokosolo lapyola malire. Zotsekera m'makutu nzotsika mtengo, koma kumva kukatayika mwa njira imeneyi sikubwerera. Paja madzi akatayika saoleka.

16 Kuŵala kwa powotcherera kumapsereza diso, ndipo ululu umayamba patapita maola angapo, kaŵirikaŵiri usiku, ngati kuti m'maso mwathiridwa mchenga. Magalasi a dzuŵa sateteza mokwanira. Pamafunika chigoba chokhala ndi galasi lakuda lowotcherera, ndipo wogwirizira chitsulo afunikira chitetezo mofanana ndi bwana wake. Kumbukiraninso ana amene amaunjikana kudzaonerera. Lata lakale loimikidwa ngati chotchinga lingapulumutse maso awo. Ponena za jenereta, utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Umayamba ndi litsipa ndi kufooka, ndipo ungaphe munthu asanazindikire. Jenereta ikhale panja, kutali ndi khomo ndi zenera. Mbaula ya makala imene alonda ndi ogwira ntchito usiku amaotha m'kuzizira kwa June ndi July ili ndi ngozi imodzimodziyo ikaloŵetsedwa m'chipinda chotseka.

17. Kodi mwini shopu ndi wophunzira ntchito angathandizane motani?

17 Mwini shopu ali ndi thayo la anyamata ndi atsikana amene akuphunzira ntchito kwa iye. Iwo amatengera zimene amaona. Ngati bwana amachotsa chotchinga pamacheka kuti afulumire, wophunzirayo adzatero moyo wake wonse, ngati zala zake zidzakhalapobe. Wachinyamatanso asaope kulankhula, malinga atero mwaulemu ndi panthaŵi yabwino. Mwachitsanzo, angathe kunena kuti: "Bambo, mutu umandiŵaŵa tikayatsa jenereta muno. Kodi mungandilole ndiikonzere kamthunzi panjapa?" Mkulu wanzeru sangaone pempho lotero ngati mwano, pakuti nayenso akupuma mpweya womwewo.

Madzi, Chimbudzi ndi Chakudya

18, 19. (a) Kodi kolera yakhudza motani makomboni a ku Harare? (b) Kodi nziti zimene malo alionse a ntchito ayenera kukhala nazo?

18 Anthu a ku Glen View ndi ku Budiriro safunikira kuuzidwa kuopsa kwa madzi oipa. Mliri wa kolera umene unayamba mu August 2008 unadwalitsa anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe ndi kupha oposa 4,200, ndipo Budiriro anali amodzi mwa malo amene anakanthidwa koposa. Mu September 2018 matendawo anabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, zonyansa za m'mipope yophulika zitaloŵa m'zitsime ndi m'mijigo, ndipo odwala anapitirira 10,000. Panthaŵiyo misonkhano inaletsedwa ndipo ogulitsa zakudya anachotsedwa m'misewu, kotero kuti ngakhale amene sanadwale anataya malonda. Mu 2023 kolera inabweranso, ndipo komboni ya Kuwadzana inavutika kwambiri.

19 Wantchito amathera usana wonse pamalo a ntchito, ndipo amamwa, amadya ndi kudzithandiza komweko. Chotero madzi a pamjigo asakhulupiriridwe chifukwa chakuti akuoneka oyera. Aŵiritseni, kapena thiranimo mankhwala a klorini ndi kudikira mphindi 30, ndipo asungeni m'chigubu chotseka. Chigubu china chokhala ndi kampopi, pamodzi ndi sopo, chikhale pafupi ndi chimbudzi ndi podyera. Sambani m'manja ndi madzi othira, osati m'beseni limodzi, ndipo idyani chakudya chidakali chotentha, kutali ndi penti ndi mabatire akale, amene ali ndi mtovu wapoizoni. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, mpatseni msanga madzi a mchere ndi shuga, masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino, ndipo fulumirani naye kuchipatala. Kolera ingaphe m'maola oŵerengeka.

Moto Sudziŵa Malire a Shedi

20, 21. (a) Kodi nchiyani chimene chimakulitsa moto m'malo a amisiri ndi m'misika? (b) Kodi nchifukwa ninji anansi afunikira kugwirizana, ndipo angatero motani?

20 Malo a amisiri a ku Glen View Area 8 apsa mobwerezabwereza, ndipo nthaŵi iliyonse makina, matabwa ndi katundu wa makasitomala zasanduka phulusa. Mu October 2024, moto wa usiku unapsereza mbali yaikulu ya Mbare Musika, ndipo amalonda zikwi zingapo anataya mpamba wawo. Zoyambitsa moto zimasiyanasiyana, koma zimene zimaukulitsa nzodziŵika. Siponji ya m'masofa imayaka msanga ndipo imatulutsa utsi wakupha. Utuchi, guluu ndi penti zimaudyetsa. Mawaya olumikizidwa mwachisawawa amatentha, ndipo tinjira tothina timatsekereza galimoto ya ozimitsa moto.

21 Pamenepa mpamene khama la munthu mmodzi limaperewera. Mungasese shedi yanu bwinobwino, koma ngati mnansi wanu akuphika pafupi ndi mulu wa siponji, nonse muli pangozi. Mutu umodzi susenza denga. Anansi angagwirizane kuchotsa utuchi madzulo alionse, kusunga siponji ndi penti kutali ndi moto, kupatula malo amodzi ophikira, kuitana wodziŵa magetsi kudzaona mawaya, ndi kusiya njira zotseguka. Mzera uliwonse wa mashedi ukhale ndi ndowa za mchenga ndi chozimitsira moto, ndipo onse adziŵe kuti moto wa petulo kapena wa magetsi suthiridwa madzi. Nanga ndalama zake? Kuyambira kale, Amalaŵi okhala mu Salisbury anali ndi magulu osonkherana za maliro, ndipo amalonda ambiri ali m'magulu osonkherana ndalama amene ku Zimbabwe amati mukando, ku Malaŵi chipereganyu, ndi ku Zambia chilimba. Anthu amene amatha kusonkherana za bokosi la maliro angathenso kusonkherana za chozimitsira moto, chigubu cha madzi ndi bokosi la mankhwala a ovulala.

Pamene Maganizo Alema

22, 23. (a) Kodi nkhaŵa imakhudza motani ntchito? (b) Kodi Friendship Bench yasonyezanji?

22 Sikuti katundu yense wolemera amanyamulidwa pamsana. Lendi, fizi ya ana, ngongole ndi kasitomala wosalipira zingamsoŵetse tulo munthu. Ashona amautcha mkhalidwe umenewu kufungisisa, ndiko kuti kuganiza mopambanitsa. Munthu wotero amaiŵala miyezo, amapsa mtima msanga, amakangana ndi makasitomala, ndipo ena amathaŵira ku moŵa. Manja amakhala pamakina, koma mtima uli kwina, ndipo ngozi imapeza mpata.

23 Mu 2006, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi lathabwa panja pa kiliniki, namvetsera munthu wovutika maganizo. Ndiyeno amamthandiza kundandalika mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kulinganiza chochita. Kufufuza kumene kunafalitsidwa mu 2016, kokhudza anthu 573 a m'makiliniki 24 a ku Harare, kunasonyeza kuti patapita miyezi 6, pafupifupi 14 peresenti ya othandizidwa pabenchi anali adakali ndi zizindikiro za kupsinjika maganizo, poyerekezera ndi pafupifupi 50 peresenti ya osamaliridwa mwa njira yanthaŵi zonse. Phunziro lake nloonekeratu. Kuuza munthu wodalirika zakukhosi si kufooka, ndipo malo a ntchito amene anthu amapatsana moni, amadyera pamodzi ndi kumvetserana amachiritsa mofanana ndi zenera lotsegula.

Yambani ndi Chimodzi

24, 25. (a) Kodi mungayambire pati? (b) Kodi ndani amene adzapindula?

24 Njira ya agogo a pabenchi ija imagwiranso ntchito m'shedi. Maŵa m'maŵa, musanayatse makina, yendani pamalo anu a ntchito ngati mlendo. Dzifunseni kuti: 'Kodi ndimapunthwa pati? Kodi ndimaŵerama pati? Kodi nchiyani chimene ndimapuma? Kodi madzi amene ndimamwa achokera kuti? Moto utabuka, ndingatulukire pati?' Funsaninso amene mumagwira nawo ntchito, ndi a kunyumba omwe, pakuti mkazi kapena mwamuna wanu ndiye amamva chifuwa chanu usiku. Lembani zimene mwapeza, sankhanipo chimodzi chimene mungathe kukonza mlungu uno, ndipo chikonzeni. Mlungu wamaŵa tengani china. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

25 Nzoona kuti pali zinthu zimene mmisiri sangazikonze yekha. Mipope ya zonyansa, magetsi odalirika ndi misika yomangidwa bwino zili m'manja mwa khonsolo ndi boma, ndipo mu 2022 bungwe la ILO linavomereza kuti malo a ntchito otetezereka ndi aukhondo ndi ufulu wa wantchito aliyense. Komabe, msomali wopachikapo nyundo, zenera lotsegula, chigubu cha madzi abwino ndi tulo tokwanira sizifuna chilolezo cha munthu. Amene amasamalira zimenezi amamaliza ntchito panthaŵi yake, amawononga zinthu zochepa, ndipo amabwerera kunyumba ali ndi mphamvu yocheza ndi ana ake. Ndipo pamene imvi zabwera, adzakhalabe ndi maso oona mzera wa pensulo pathabwa, makutu omva funso la mdzukulu, ndi zala zonse khumi zomsonyezera mmene ntchitoyo imagwiridwira.

Kodi Mungayankhe Motani?

◻ Kodi nchifukwa ninji kuwonjezera maola sikuwonjezera phindu nthaŵi zonse?

◻ Kodi nzosintha zotsika mtengo ziti zimene zimafulumiza ntchito ndi kuteteza thupi?

◻ Kodi fumbi, utsi ndi phokoso zingachepetsedwe motani?

◻ Kodi ndi ngozi ziti zimene anansi afunikira kulimbana nazo pamodzi?

◻ Kodi nchinthu chimodzi chiti chimene inu mungakonze mlungu uno?